Momwe Mungakonzere Seva Yachiwiri pa Netiweki Ina, Yoti Itenge Ntchito Yoyamba Ikagwa

Ambiri amene amayang'anira makompyuta a bungwe amagula seva yachiwiri n'kuiika pa shelefu yomweyo ndi yoyamba, pa switch yomweyo, pa chingwe cha fiber chomwecho. Tsiku limene katapila wokonza msewu wadula chingwe, kapena jenereta yakana kulira, maseva onse awiri amangoti zii nthawi imodzi. Ena amaiikadi kutali seva yachiwiriyo, koma amayesa kugwiritsa ntchito keepalived imene anaizolowera mu ofesi, n'kudabwa kuti IP sikusamuka. Singasamuke: keepalived imasuntha IP pakati pa makina a pa netiweki imodzi, ndipo IP imene munapatsidwa ndi kampani ina singagwire ntchito pa netiweki ya kampani ina. Maseva akatalikirana, chimene mumasuntha ndi DNS, kaundula amene amaloza dzina la domeni ku IP.

Kukopera zinthu kupita ku seva yachiwiri ndi ntchito ya tsiku limodzi. Povuta m'pakuti maseva awiriwo asadzione onse kuti ndi eni ntchito pa nthawi imodzi, ngati atambala awiri m'khola limodzi. Masitepe ambiri m'munsimu akukonzekera vuto limeneli.

Mu chitsanzo chathu, seva A ili mu ofesi ndipo IP yake ndi 203.0.113.10. Seva B ndi VPS (seva yochita lendi pa intaneti) yobwereka kwina, IP yake ndi 198.51.100.20. Pulogalamu yake imagwiritsa ntchito nginx (yoperekera webusaiti) ndi PostgreSQL (database), monga momwe ambiri amaikira Moodle kapena DHIS2.

## Zofunika kukhala nazo

- Maseva awiri okhala ndi Ubuntu 24.04 ndi PostgreSQL 16. Manambala a PostgreSQL afanane ndendende; 15 ndi 16 sizikoperana m'njira imene tigwiritse ntchito pano.
- Disiki ya B isachepe kuposa ya A.
- IP yoonekera pa intaneti mbali zonse ziwiri. Mizere yambiri ya foni imadutsa pa CGNAT, njira imene anthu ambiri amagawana IP imodzi, ndipo simungalandire alendo kudzera pamenepo, choncho funsani kampani yanu.
- DNS ya domeni yanu ikhale kwa kampani yachitatu, monga Cloudflare kapena Amazon Route 53.
- Malo achitatu oikapo mlonda, pulogalamu yoyang'ana maseva awiriwo.
- Foni ya munthu amene ali ndi makiyi a chipinda cha seva A, ngakhale usiku.

## 1. Tsimikizani kuti manetiweki awiriwo ndi osiyanadi

Makampani awiri a mayina osiyana akhoza kukhala akugula intaneti kwa mwini chingwe mmodzi. Dziko lopanda nyanja yaikulu ngati Malawi limalandira intaneti kudzera m'mayiko oyandikana nalo, ndipo njira zake si zambiri. Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitawonongeka pakati pa South Africa ndi Mozambique, intaneti inavuta m'mayiko angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo Tanzania, Mozambique ndi Malawi.

Pa seva iliyonse lembani lamulo ili, muone njira imene imadutsa:

```
mtr -rwz -c 20 1.1.1.1
```

Chilembo cha z chimaonetsa nambala ya AS, yozindikiritsa netiweki ya kampani iliyonse pa njirapo. Ngati maseva onse awiri akulowa mu AS imodzi pa sitepe yachiwiri kapena yachitatu, ndiye kuti muli ndi netiweki imodzi yovala malaya awiri.

Nyumba nazonso zisiyane. Mu March 2021 moto unapsereza imodzi mwa nyumba za maseva za OVH ku Strasbourg, ndipo amene anali ndi seva ndi makope ake pa malo omwewo anataya zonse.

Chenjezo: ngati database ili ndi mbiri za odwala, ophunzira kapena makasitomala, funsani kaye za lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 musanazitumize ku seva ya kunja kwa dziko.

## 2. Kumbani ngalande ya WireGuard

Database isaonekere pa intaneti. Maseva azilankhulana kudzera mu ngalande yawoyawo. Pa seva iliyonse:

```
sudo apt install wireguard chrony
umask 077
wg genkey | tee chinsinsi.key | wg pubkey > poyera.key
sudo ufw allow 51820/udp
```

Pa A lembani fayilo ya `/etc/wireguard/wg0.conf`:

```
[Interface]
Address = 10.10.0.1/24
ListenPort = 51820
PrivateKey = kiyi_yachinsinsi_ya_A

[Peer]
PublicKey = kiyi_yapoyera_ya_B
Endpoint = 198.51.100.20:51820
AllowedIPs = 10.10.0.2/32
PersistentKeepalive = 25
```

Pa B chitani chimodzimodzi motembenuza: Address ndi 10.10.0.2/24, AllowedIPs ndi 10.10.0.1/32, Endpoint ndi IP ya A. Yatsani ndi `sudo systemctl enable --now wg-quick@wg0`, kenako yesani `ping 10.10.0.2` muli pa A.

Chenjezo: malangizo ambiri a pa intaneti amalemba `AllowedIPs = 0.0.0.0/0` chifukwa analembedwera anthu ofuna VPN ya pa laputopu. Mukakopera mzere umenewo pa seva, zonse ziyamba kudutsa mu ngalande, SSH idzaduka, ndipo mudzadzitsekera panja.

Chrony taiika kuti mawotchi a maseva awiriwa agwirizane. Tsiku la vuto mudzafuna kuyerekeza malogi a mbali zonse, ndipo wotchi ikasiyana simudzadziwa chimene chinayamba.

## 3. Konzani PostgreSQL pa seva A

Mu `/etc/postgresql/16/main/postgresql.conf` ikani:

```
listen_addresses = 'localhost,10.10.0.1'
wal_log_hints = on
max_slot_wal_keep_size = 20GB
```

Mu `pg_hba.conf` wonjezerani:

```
host replication wokopera 10.10.0.2/32 scram-sha-256
```

Pangani dzina lokoperalo, tsegulani khomo mu ngalande mokha, n'kuyatsanso PostgreSQL:

```
sudo -u postgres psql -c "CREATE ROLE wokopera WITH REPLICATION LOGIN PASSWORD 'pasiwedi_yaitali';"
sudo ufw allow in on wg0 to any port 5432
sudo systemctl restart postgresql@16-main
```

Mzere wa `max_slot_wal_keep_size` musaudumphe. B ikazima, A imaisungira zosintha zonse kudikira kuti ibwere. Popanda malire, imasunga mpaka disiki kudzaza, ndipo seva yaikulu imagwa chifukwa cha seva imene munaiikira kuti iipulumutse. Sankhani nambala imene disiki yanu ingakwanitse. B ikachedwa kubwera mpaka malirewo kupitirira, mudzayambanso sitepe 4, mutalemba kaye `SELECT pg_drop_replication_slot('seva_b');` pa A.

Pali kamsampha kena kamene kamaoneka magetsi akangobwera. PostgreSQL ikadzuka WireGuard isanadzuke, siipeza adiresi ya 10.10.0.1, imangopitiriza ndi localhost osadandaula kwambiri, ndipo kukopera kumaima mwakachetechete. Lembani `sudo systemctl edit postgresql@16-main` n'kuikamo:

```
[Unit]
After=wg-quick@wg0.service
Wants=wg-quick@wg0.service
```

## 4. Kopani database kupita pa B

Musanalembe chilichonse, yang'anani dzina la seva imene mwalowamo. Malamulo awa ndi a B yokha.

```
sudo systemctl stop postgresql@16-main
sudo mv /var/lib/postgresql/16/main /var/lib/postgresql/16/main.yakale
sudo -u postgres pg_basebackup -h 10.10.0.1 -U wokopera \
  -D /var/lib/postgresql/16/main -R -X stream -C -S seva_b -P
sudo systemctl start postgresql@16-main
```

Ngati database ndi yaikulu, chitani zimenezi usiku ndipo mulowe kaye mu tmux, kuti intaneti yanu ikaduka ntchito isafere panjira.

Pa Ubuntu mafayilo a makonzedwe amakhala mu `/etc/postgresql`, ndipo pg_basebackup siwatenga. Mizere imene munasintha pa A muilembenso pa B ndi manja, posintha adiresi ya `listen_addresses` kukhala 10.10.0.2 ndi ya mu `pg_hba.conf` kukhala 10.10.0.1. Samalani ndi `max_connections`: ikachepa pa B kuposa pa A, B ikana kudzuka.

Kuti muone ngati zatheka, pa A funsani:

```
SELECT client_addr, state, replay_lag FROM pg_stat_replication;
```

Muyenera kuona 10.10.0.2 ndi mawu akuti `streaming`. Pa B, `SELECT pg_is_in_recovery();` iyankhe `t`.

Kukopera kumeneku sikudikira yankho la B, choncho A ikafa mwadzidzidzi zolembedwa za masekondi omaliza zikhoza kutayika. Mabwana auzeni zimenezi lero, asadzazimvere tsiku la ngozi. Wina adzakuuzani kuti muyatse synchronous kuti pasatayike kanthu. Ndi maseva awiri okha ine sindingalimbikitse: cholembedwa chilichonse chizidikira ulendo wopita ku B ndi kubwerera, ndipo B ikazima kapena chingwe chikaduka, A imasiya kumaliza zolemba ngakhale ili bwinobwino.

## 5. Kopani mafayilo ndi rsync

Zithunzi, ma PDF ndi zina zimene anthu amakweza sizikhala mu database. B ndiyo izikoka kuchokera ku A. Pangani dzina la `kopa` pa A lotha kuwerenga foda ya pulogalamu, mulipatse kiyi ya SSH yochokera ku B, kenako pa B lembani `/usr/local/bin/koka.sh`:

```
#!/bin/sh
[ "$(sudo -u postgres psql -tAc 'select pg_is_in_recovery()')" = "t" ] || exit 0
rsync -aH --delete --max-delete=200 \
  -e "ssh -i /root/.ssh/kopa" \
  kopa@10.10.0.1:/srv/pulogalamu/ /srv/pulogalamu/
```

Mu crontab ya root:

```
*/5 * * * * flock -n /tmp/koka.lock /usr/local/bin/koka.sh
```

Mzere wachiwiri wa script iyi ndi wofunika kuposa yonse. Taganizani kuti A yagwa Lolemba, B yagwira ntchito masiku atatu, anthu akweza mafayilo atsopano. Lachinayi A yadzuka. Popanda mzere umenewo, pasanathe mphindi 5 rsync idzaona kuti mafayilo atsopanowo kulibe pa A, n'kuwafufuta pa B. Mzerewo umafunsa kaye ngati B idakali yodikirira. Ikakhala kuti yakwezedwa kale kukhala seva yaikulu, kukoka kumaima pakokha.

Chenjezo lina ndi kachizindikiro ka / kumapeto kwa `/srv/pulogalamu/`. Mukakaiwala ku mbali ya A, mudzapeza foda ya pulogalamu ili mkati mwa foda ya pulogalamu.

Ntchito za cron za pulogalamu yeniyeniyo, zija zotumiza imelo kapena SMS zokumbutsa anthu, pa B zikhale zozimitsa. Apo ayi makasitomala azilandira uthenga uliwonse kawiri.

## 6. Satifiketi ya HTTPS ikhale pa maseva onse

Certbot, pulogalamu yotengera satifiketi ku Let's Encrypt, mwachizolowezi imatsimikizira domeni kudzera pa webusaiti. Pa B zimenezi zilephera chifukwa domeni ikuloza ku A. Gwiritsani ntchito njira ya DNS-01, yotsimikizira domeni kudzera mu DNS. Ngati muli pa Cloudflare, ikani `python3-certbot-dns-cloudflare` kuti seva iliyonse izidzitengera satifiketi yake. Masatifiketi a Let's Encrypt amatha pakapita masiku 90, ndipo B ikhoza kukhala miyezi ndi satifiketi yakufa popanda wozindikira. Iyeseni osakhudza DNS:

```
curl -v --resolve pulogalamu.example.com:443:198.51.100.20 https://pulogalamu.example.com/
```

## 7. Tsitsani TTL ya DNS

TTL ndi masekondi amene makompyuta a anthu amakumbukira IP yakale. Iikeni pa 60, kapena 300 ngati kampani yanu siilola yotsika. Chitani zimenezi lero. Ngati TTL ili pa 86400, amene anafunsa m'mawa uno adzapitabe ku A mpaka mawa ngakhale mutasintha zonse.

Ngati DNS yanu ikuyendetsedwa ndi seva A yomweyo, isamutseni kaye musanapitirire.

## 8. Ikani mlonda pa malo achitatu

B singakhale mboni yodalirika pa imfa ya A. Ngalande ikaduka, B imaona ngati A yafa, pamene A ikutumikira anthu bwinobwino. N'chifukwa chake pamafunika wachitatu. Uptime Kuma pa ka VPS kena kotsika mtengo imakwanira, ndipo imatha kutumiza uthenga pa Telegram kapena imelo. Imelo yakeyo isadutse pa seva A.

Mlondayo ayang'ane zinthu zitatu: tsamba la pulogalamu pa A lomwe limafunsadi database, tsamba lomwelo pa B, ndi kuchedwa kwa kukopera. Ping yokha sikwanira, chifukwa seva imayankha ping ngakhale database itafa. Alire akalephera katatu motsatizana. Intaneti imaphethira kawirikawiri ndipo simukufuna kudzutsidwa pa chilichonse.

Kodi kusinthako kuzichitika kokha? Route 53 imatha kusintha DNS yokha, ndipo kwa webusaiti yongowerenga palibe choopsa. Pamene pali database yolembedwa, bungwe laling'ono ndi bwino mlonda azingoimba belu, munthu ndiye aziganiza. Mphindi 15 zodikira sizipweteka ngati sabata yolumikiza ma database awiri amene aliyense walandira malisiti ake. Zida zochita zonse zokha monga Patroni zilipo, koma zimafuna makina osachepera atatu ovota ndi munthu wozidziwa bwino.

## 9. Tsekani khomo la A kuti isadzuke n'kuyamba kulandira zolemba

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Intaneti ya ku ofesi ikaduka, anthu a kunja saiona A, koma antchito a mu ofesimo amaiona, makamaka ngati amaifikira pa IP ya mkati kapena munawalembera dzina lake pa router. Inu mukakweza B, a kunja azilemba pa B, a mu ofesi azilemba pa A. Madzulo mudzakhala ndi malisiti awiri a nambala imodzi, a anthu osiyana.

Choncho A iyenera kuzimitsidwa kaye B isanakwezedwe. Ngati SSH ikulowa, imitsani nginx ndi PostgreSQL. Ngati sikulowa, imbirani uja wa makiyi azule chingwe cha netiweki kumbuyo kwa seva. Matani kapepala kofiira pa chingwecho lero lomwe, kuti ngakhale mlonda wa pageti athe kuchizindikira mukumuuza pa foni.

Nanga magetsi akabwera A n'kudzuka yokha? Ipatseni funso loti iyankhe isanatsegule khomo. Lembani `/usr/local/bin/ndine-mwini.sh` pa A:

```
#!/bin/sh
[ "$(dig +short pulogalamu.example.com @1.1.1.1)" = "203.0.113.10" ]
```

Kudzera mu `systemctl edit nginx` ikani:

```
[Service]
ExecStartPre=/usr/local/bin/ndine-mwini.sh
```

Domeni ikakhala ikuloza kwina, kapena A ikalephera kufunsa, nginx siidzuka. Dziwani kuti izi zikutanthauza kuti magetsi akabwera intaneti isanabwere, mudzafunika kuyatsa nginx ndi manja. Ngati mwayatsa proxy ya Cloudflare, ka mtambo ka olenji kaja, `dig` idzaonetsa IP ya Cloudflare. Pamenepo gwiritsani ntchito rekodi ya TXT yolembedwa dzina la seva imene ili pa ntchito, script izifunsa imeneyo.

## 10. Tsiku la vuto

Dindani ndondomeko iyi pa pepala. Ikakhala mu wiki ya pa seva A simudzaiwerenga.

1. Tsimikizani kuchokera pa malo awiri, mwachitsanzo pa mlonda ndi pa data ya foni yanu, kuti A sikupezekadi.
2. Zimitsani A kapena zulitsani chingwe chake.
3. Pa B lembani nthawi imene ikuonetsedwa ndi `SELECT pg_last_xact_replay_timestamp();`. Zolembedwa pambuyo pa nthawi imeneyo ndi zimene muyenera kudzazifufuza.
4. Kwezani B: `sudo pg_ctlcluster 16 main promote`. Tsopano `pg_is_in_recovery()` iyankhe `f`.
5. Yesani kulowa ndi kusunga kanthu pa B.
6. Sinthani rekodi ya DNS ya mtundu wa A (ya IPv4) ya domeni yanu iloze ku 198.51.100.20. Ngati muli ndi rekodi ya AAAA (ya IPv6), isintheninso.
7. Yatsani cron ya pulogalamu pa B, n'kuuza antchito.

Kukweza B kulibe pobwerera. Mukangokweza, mbiri ya ma database awiriwa yasiyana njira.

## 11. Kubwerera ku A

Musathamange. B ikugwira ntchito, ndiye ilekeni mpaka Loweruka. A ikadzuka, sungani kaye foda yake yakale ya database pambali, chifukwa zolembedwa zomaliza zija zili mmenemo. Kenako chitani masitepe 3, 4 ndi 5 motembenuza, A ikhale yokopera kuchokera ku B. Pali pg_rewind imene imafulumizitsa ntchitoyi, ndipo ndiyo tinaikira `wal_log_hints`, koma ngati database ndi ya magigabayiti ochepa, pg_basebackup yatsopano ndi yovuta kulakwitsa. A ikafanana ndi B, imitsani pulogalamu pa B, dikirani kuti kuchedwa kufike pa ziro, kwezani A, bwezani DNS, n'kumanganso B ngati yodikirira.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyesa seva yachiwiri ngati backup. Wina akafufuta tebulo pa A, pa B imafufutika m'kanthawi komweko. Ransomware, vairasi ya akuba ofuna dipo, ikatseka mafayilo, rsync imanyamula otsekedwawo mokhulupirika. Muzitenga `pg_dump` usiku uliwonse n'kuisunga pa malo ena, ya masiku angapo.

Kusayesa. Miyezi itatu iliyonse sankhani Loweruka masana, zimitsani A dala, tsatirani pepala lija, muwerenge mphindi. Ulendo wina apange mnzanu inu mukungoyang'ana, chifukwa tsiku lenileni mukhoza kukhala muli ku maliro kumudzi kopanda netiweki.

Kukonza A n'kuiwala B. Mwakweza PHP, mwaika module yatsopano, mwasintha nginx, zonse pa A pokha. Chaka chikatha B siithanso kuyendetsa pulogalamuyo. Chilichonse cha mu `/etc` muzichisunga mu Git kapena muzichiika ndi Ansible pa maseva onse awiri.

Kuiwala amene amakhulupirira IP ya A yokha. Makampani olipirira pa foni, mabanki ndi otumiza SMS nthawi zambiri amalola IP imene munalembetsa. Lembetsaninso ya B, ndipo ngati B izitumiza imelo, iwonjezereni mu rekodi ya SPF, imene imatchula maseva ololedwa kutumiza imelo za domeni yanu.

Kulephera kulipira VPS. Makampani a kunja amafuna madola kapena mayuro, ndipo khadi ikakanidwa amayamba aimitsa seva kenako n'kuifufuta. Makalata awo ochenjeza azipita kwa anthu awiri, ndipo ndalama za kunja zikapezeka lipirirani miyezi ingapo.

Kusunga mapasiwedi pa A. Pasiwedi ya DNS, makiyi a SSH a B ndi makhodi olowera zikhale pa malo amene mungawafikire ndi foni, ofesi ili mu mdima.